Chifukwa chake nyumba yakale yamtengo wapatali ya pakati pa mzinda imatha zaka osagulidwa

Mu 2006, nyumba yotchedwa Harkness Mansion, imene ili mumsewu wa East 75th ku New York, inagulidwa pa madola 53 miliyoni. Kufikira nthawiyo panalibe nyumba ya mtundu wake mumzindawo imene inagulidwapo pa ndalama zochuluka chonchi. Mu 2011 nyumba yomweyo inagulitsidwanso, koma pa madola 36.5 miliyoni. Inali ili pamalo pake pomwepo, pafupi ndi Fifth Avenue ndi Central Park, ndipo mbiri yake yoyambira mu 1896 inali ili chikhalire. Zimene zinasintha ndi ziwiri: mkati mwake munali mutagumulidwa kuti mukonzedwenso koma ntchitoyo inali isanathe, komanso mavuto azachuma a mu 2008 anali atapungula anthu otha kugula nyumba zotere.

Imeneyo inachitabe mwayi poti inapeza wogula. Zinzake zambiri ku London, New York, Boston ndi Amsterdam zimakhala pamsika chaka, zaka ziwiri, zina mpaka zisanu, makatani ali chitsekere. Wodutsa mumsewu amadabwa. Nyumba yokongola chonchi, pamalo amene aliyense amasirira, anthu andalama ali mbwee mumzinda womwewo, chavuta n'chiyani?

Chavuta n'choti wogulitsa ndi wogula akuchita masamu awiri osiyana. Wogulitsa akuwerengera malo, mbiri, kukongola ndi ndalama zimene iye analowetsapo. Wogula akuwerengera zonse zimene zidzatuluke m'thumba mwake kufikira usiku woyamba umene adzagone m'nyumbamo, kuphatikizapo zaka zodikira. Masamu awiriwa amatha kusiyana ndi mamiliyoni, ndipo pa anthu awiriwa palibe amene ali pachangu.

Nyumbayi anamangira anthu a nthawi ina

Nyumba zimene tikunena pano ndi zija zogundizana makoma, zondandalika mumsewu umodzi, zopapatiza kumaso koma zazitali, zosanja kanayi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ku London zambiri zinamangidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Dera la Belgravia, mwachitsanzo, linamangidwa kuyambira m'ma 1820 ndi Thomas Cubitt pa malo a banja la Grosvenor. Ku New York zotchuka ndi za mwala wofiirira wotchedwa brownstone, za m'ma 1800. Za m'mphepete mwa ngalande za ku Amsterdam ndiye zakale koposa, zambiri ndi za m'ma 1600.

Talowani mu imodzi ya ku London. Mwakwera masitepe angapo kuchokera mumsewu, mwatsegula chitseko chachikulu, mwafika m'kanjira kopapatiza. Kumbali kuli chipinda chodyera, kumbuyo kwake kachipinda kena. Mukakwera nsanjika yotsatira mupeza chipinda cholandirira alendo, cha mawindo ataliatali ndi siling'i yokongoletsedwa ndi pulasitala, ndipo m'menemu ndi m'mene muli ulemerero wonse wa nyumbayo. Pamwamba pake pali chipinda chogona cha eninyumba, pamwamba pakenso zipinda za ana, ndipo kudenga kwenikweni kuli tizipinda tating'ono ta siling'i yotsika m'mene munkagona antchito. Nanga khitchini? Muyenera kutsika masitepe onse aja, kupitirira pakhomo munalowera paja, mpaka pansi panthaka pamene kuwala kumalowa mopereweza. Nsanjika iliyonse ili ndi zipinda ziwiri basi, china kumaso china kumbuyo, ndipo masitepe adya gawo lalikulu la malo amene mukulipira.

Kamangidwe kameneka kanali ndi nzeru pa nthawi yake. Panali antchito okwera ndi malasha, madzi otentha ndi chakudya, n'kutsika ndi phulusa ndi mbale zakuda. Mwininyumba sankadziwa n'komwe kuti kuchokera kukhitchini kukafika kuchipinda chogona pali masitepe angati. Banja la lero limafuna khitchini yaikulu yowala, yolumikizana ndi podyera ndi pochezera, kuti kholo likamaphika liziona ana. Limafuna bafa pa chipinda chilichonse, pomwe nyumba zambirizi zinamangidwa mipope ya madzi isanafike m'zipinda zam'mwamba. Kumbukiraninso kuti anthu amene afika pokhala ndi mapaundi 10 miliyoni ogulira nyumba, ambiri si anyamata. Munthu wa zaka 60 akaima pansi pa masitepe n'kuyang'ana kumwamba, amaganizira mawondo ake akadzafika zaka 75. Funso lake loyamba limakhala loti muli chikepe kapena ayi, ndipo yankho likakhala ayi, ena amathera pomwepo.

Ku New York kuli muyeso wina umene ogula amauyang'anitsitsa, ndiwo kutambalala kwa nyumba. Mapuloti akale a ku Manhattan ankakhala a mafiti 25 m'lifupi ndi 100 m'litali, koma omanga ankagawa malo kuti pakwane nyumba zambiri, choncho zambiri zinatuluka za mafiti 16, 18 kapena 20. Kusiyana kwa mafiti anayi kumaoneka kochepa papepala. Mukachotsapo makoma ndi masitepe, ndi kumene kumasiyanitsa chipinda chenicheni ndi kanjira kokhala ndi mipando. Nyumba yopapatiza ikatchulidwa mtengo wofanana ndi yotambalala ya mumsewu womwewo, imakhala ndithu.

Ndiye pali opikisana nayo. Mu 2011 ku Knightsbridge mumzinda wa London kunatsegulidwa mdadada wa nyumba zatsopano zosanja wotchedwa One Hyde Park, ndipo mu Januwale 2019 mpondamatiki wa ku America, Ken Griffin, anagula nyumba ya m'mwamba mwa mdadada wa 220 Central Park South ku New York pa madola pafupifupi 238 miliyoni. Ndalama zilipo, kungoti zapeza kwina kolowera. M'nyumba zatsopanozi zipinda zonse zimayalana pansanjika imodzi, pakhomo pali alonda usana ndi usiku, galimoto ili ndi malo ake pansi, makina oziziritsira ndi otenthetsera m'nyumba anaikidwa kale. Mpondamatiki amene ali ndi nyumba m'mayiko atatu amangokhoma chitseko n'kupita miyezi inayi mtima uli m'malo. M'nyumba yakale ya payokha, mwini wake ndiye mlonda, ndiye woyang'anira denga, ndipo ku New York ndiyenso amene lamulo limamufunsa ngati chipale chofewa sichinachotsedwe pakanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba yake.

Ndi yanu, koma simungaikhudze mmene mukufunira

Wina anganene kuti munthu wandalama angogula n'kusintha zonsezo. Apa ndi pamene pamalowa lamulo, ndipo ndi pamene ogula ambiri amagwa mphwayi.

Ku England nyumba zambiri zotere zili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, amene anayamba nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha ndipo lero akuyendetsedwa pansi pa lamulo la mu 1990. M'kaundulamu muli nyumba ndi zomanga zina zoposa 370,000, zogawidwa m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu lomalizali. Chimene alendo ambiri sachidziwa n'choti chitetezocho chimakhudza nyumba yonse, kunja ndi mkati momwe. Masitepe, zitseko, malo osonkhapo moto, pulasitala wa kusiling'i, ngakhale kagawidwe ka zipinda, zonsezi simungazisinthe popanda chilolezo cha khonsolo. Kuchita ntchito yotere popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kukhoti.

Taganizirani wogula amene akufuna zinthu zitatu zooneka zazing'ono: chikepe, kugumula khoma lolekanitsa zipinda ziwiri za pansi, ndi magalasi ophatikiza awiri m'mawindo kuti kuzizira ndi phokoso zichepe. Chikepe chiyenera kuboola nsanjika iliyonse, kudula mitanda ya matabwa ya zaka 200. Khoma lija ndi mbali ya kamangidwe kamene lamulo likuteteza. Mawindo aja mwina adakali ndi magalasi awo oyambirira ndi timatabwa topyapyala tosatha kunyamula galasi lolemera. Pa chilichonse mwa zitatuzi khonsolo ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera mbali ina chabe, ndipo yankho lenileni limabwera patapita miyezi. Wogulayo akupemphedwa kutulutsa mamiliyoni lero asanadziwe ngati adzaloledwe kukhala m'nyumbamo mmene akufunira. Munthu wochenjera pa ndalama amachotsera chikayiko chimenechi pa mtengo, ndipo amachotsa zambiri.

Palinso msampha wina. Ngati mwininyumba wakale anachotsa malo osonkhapo moto kapena kusintha masitepe popanda chilolezo, khonsolo ikhoza kulamula mwininyumba watsopano kubwezeretsa zonse ndi ndalama zake, ngakhale papite zaka makumi angapo. Loya wa wogula akayerekeza mapulani akale ndi mmene nyumba ilili lero n'kupeza kusiyana kopanda mapepala, malonda amaima. Ku England izi n'zosavuta kuchitika chifukwa mpaka tsiku losinthana mapepala a mgwirizano, aliyense ali ndi ufulu wochoka popanda chilango. Nyumba imatha kulengezedwa kuti yapeza wogula, patatha miyezi itatu n'kubwereranso pamsika.

Kwa zaka zingapo anthu olemera a ku London anapeza njira yozembera vuto la kuchepa kwa malo: kukumba pansi. Ankaika maiwe osambira, zipinda zoonera mafilimu ndi malo a galimoto nsanjika ziwiri kapena zitatu pansi pa nyumba. Anansi atatopa ndi fumbi, phokoso ndi ming'alu ya m'makoma, khonsolo ya Kensington and Chelsea inakhwimitsa malamulo mu 2015. Kukumba kunatsala kwa nsanjika imodzi, kosapitirira theka la bwalo lakuseri, ndipo pansi pa nyumba yotetezedwa kunaletsedwa. Nyumba imene mtengo wake unadalira chiyembekezo chokumba inataya gawo la mtengowo tsiku lomwelo, ngakhale mwini wake sanavomereze.

Ku New York zinthu n'zopepukirapo. Bungwe la Landmarks Preservation Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1965, limayang'ana makamaka kunja kwa nyumba za anthu: nkhope ya nyumba, mawindo, masitepe a pakhomo, ndi chilichonse chowonjezera padenga chimene chingaonekere mumsewu. Mkati mwininyumba ali ndi ufulu wochulukirapo.

Ine malamulo amenewa ndimawaikira kumbuyo. Lamulo la ku New York linabadwa anthu ataona siteshoni ya sitima ya Pennsylvania Station, imene inatsegulidwa mu 1910, ikugwetsedwa kuyambira mu 1963. Popanda malamulowa misewu ya Brooklyn Heights ku New York ndi Bloomsbury ku London bwenzi ilibe chimene anthu amaikondera lero, ndipo mtengo wa nyumba zake bwenzi si umenewu. Koma tinene zoona: kukongola kwa msewu amasangalala nako aliyense wodutsa, pomwe ndalama zokusamalira zimatuluka m'thumba la munthu mmodzi, ndipo munthuyo amadziwa zimenezi asanasaine.

Zimene zili kuseri kwa pulasitala

Makoma a nyumba zakale ndi a njerwa zokhazokha, opanda mpata pakati, omangidwa ndi laimu. Laimu amalola chinyezi kulowa ndi kutuluka, ndipo khoma likasuntha pang'ono iye amasuntha nalo. M'zaka za m'ma 1900 amisiri ambiri ankakonza makoma amenewa ndi simenti, poganiza kuti cholimba ndiye chabwino. Simenti imatsekera chinyezi mkati. Madzi akasowa potulukira amalowa m'njerwa, kuzizira kukafika amaundana n'kuswa nkhope ya njerwayo, ena amalowera m'nsonga za mitanda ya matabwa imene yalowa m'khoma n'kuiwoletsa. Kuchotsa simentiyo osawononga njerwa ndi ntchito ya pamanja, ya pang'onopang'ono, ndipo amisiri odziwa laimu ndi ochepa.

Denga nalo lili ndi chinsinsi chake. Nyumba zambiri za ku London zili ndi kakhoma kam'mwamba kobisa denga, ndipo kuseri kwake denga limatsetserekera pakati, madzi onse n'kumasonkhana mu ngalande imodzi ya mtovu yodutsa pamwamba penipeni pa zipinda. Masamba akatseka ngalandeyo kapena mtovu ukang'aluka, madzi sagwera panja, amagwera m'nyumba. Muli mumsewu simungaone kanthu.

Mwala wa brownstone ndi wamchenga, woyalana m'magawomagawo. Omanga ambiri ankauimika chammbali kuti nkhope ya nyumba ioneke yosalala, ndiye madzi akalowa pakati pa magawowo n'kuundana, mwalawo umasendeka n'kumagwa zibenthuzibenthu. Mgodi womaliza wa mwalawu ku Portland, m'chigawo cha Connecticut, unatsekedwa mu 2012, choncho nthawi zambiri okonza amasema mbali yowonongekayo n'kumata chosakaniza chofanana nawo mtundu. Ku Amsterdam vuto lili pansi: nyumba zinaima pa mitengo yokhomeredwa m'dothi lofewa, ndipo mitengoyo imakhala bwino ikamira m'madzi nthawi zonse. Madzi a pansi akatsika, nsonga zake zimayamba kuwola, nyumba n'kupendekeka.

Onjezanipo mawaya a magetsi, mapaipi akale, ndi utoto wa mtovu. Chopweteka kwambiri pa zonsezi si kukula kwa ndalama, koma kuti palibe angakuuzeni chiwerengero chake ntchito isanayambe. Katswiri woyendera nyumba saloledwa kung'amba pansi kapena kuboola makoma a nyumba ya mwini wake, ndiye lipoti lake limadzaza ndi mawu oti pakufunika kufufuza kwina. Chenicheni chimaoneka pulasitala akachotsedwa, ndipo pamenepo nyumbayo ndi yanu kale. Ntchito yokhayo imavuta kuigwira: msewu ndi wopapatiza, poika zipangizo palibe, nsanja za amisiri zimafuna chilolezo, ndipo poti makoma a m'mbali ndi ogawana ndi anansi, lamulo la ku England la mu 1996 limafuna kuti muwadziwitse ndi kugwirizana nawo musanakhudze khomalo. Kuyambira kujambula mapulani kufikira kulowa m'nyumba, zaka ziwiri kapena zitatu si zachilendo, ndipo nthawi yonseyi banja likulipira kwina kokhala.

Boma la Britain limawonjezera katundu pamenepa. Kumanga nyumba yatsopano kulibe msonkho wa VAT, koma kukonza yakale kuli ndi msonkho wa 20 peresenti, ndipo mu 2012 boma linachotsa mwayi umene unalipo wosalipira msonkhowu pa zosintha zovomerezeka m'nyumba zotetezedwa. Kwa ine ili ndi lamulo lopendekeka, chifukwa likulanga munthu amene akusunga chimene boma lomwelo lamulamula kusunga.

Mwina mukuganiza kuti nyumba yokonzedwa kale ndiye imayenda msanga. Kawirikawiri zimaterodi, koma nayo ili ndi pogwera pake. Mwininyumba amene anathira mamiliyoni pa miyala ya mabo ya mtundu umene iye amaukonda amafuna ndalama zakezo zibwerere. Wogula akuona zinthu zoti adzazichotse, ndipo sangalipire chinthu chimene adzalipirenso pochigumula.

Msonkho ndi chiwongoladzanja

Mu Disembala 2014 nduna ya zachuma ya Britain, George Osborne, inasintha msonkho wogulira nyumba wotchedwa Stamp Duty. Ogula nyumba zotsika mtengo anapepukidwa, koma gawo lililonse la mtengo lopitirira mapaundi 1.5 miliyoni linayamba kulipiritsidwa 12 peresenti. Mu 2016 anawonjezera 3 peresenti kwa amene ali kale ndi nyumba ina, ndipo mu Okutobala 2024 anaikweza kufika pa 5 peresenti. Kuyambira mu Epulo 2021 wogula wokhala kunja kwa dzikolo amawonjezeranso 2 peresenti. Tiyeni tiwerengere nyumba ya mapaundi 10 miliyoni. Munthu wa m'dzikomo amene alibe nyumba ina alipira msonkho woposa pang'ono mapaundi 1.1 miliyoni. Mlendo amene ali ndi nyumba kwawo alipira pafupifupi mapaundi 1.8 miliyoni. Ndalama zimenezi zimapita tsiku logula, msomali umodzi usanakhomedwe, ndipo sizibwerera pogulitsa. Amene akuganiza zokhala ku London zaka zinayi zokha amaona kuti kuchita lendi, ngakhale yodula, kumuthandiza kuposa kugula. Mitengo ya nyumba zapamwamba za pakati pa London inafika pachimake chaka chomwecho cha 2014, ndipo patatha zaka khumi inali isanabwerere pamenepo.

New York nayo mu 2019 inakweza msonkho umene wogula nyumba yodula amalipira, kufika pa 3.9 peresenti pa nyumba za madola 25 miliyoni kapena kuposa.

Za chiwongoladzanja anthu amati sizikhudza olemera poti amagula ndi ndalama zawo. Zimawakhudza ndithu. Banki yaikulu ya England inali ndi chiwongoladzanja cha 0.1 peresenti mpaka Disembala 2021, ndipo pofika Ogasiti 2023 chinali pa 5.25 peresenti. Pamene ndalama zosunga sizinkabala kanthu, kuzikwirira m'nyumba kunalibe chotaya. Zikayamba kubala 4 peresenti osachita chilichonse, mapaundi 10 miliyoni oikidwa m'nyumba akutayitsa mwini wake 400,000 chaka chilichonse. Amene akufuna ngongole amakumananso ndi wowerengera mtengo wa banki, amene sawerengera mbiri kapena kukongola koma zimene nyumbayo ingapeze itagulitsidwa mwachangu.

Ku London onjezanipo nkhani ya lizi. Malo ambiri a ku Mayfair, Belgravia, Chelsea ndi Marylebone akhala m'manja mwa mabanja ochepa monga Grosvenor, Cadogan ndi Howard de Walden kwa zaka mazana, ndipo nyumba zina zimagulitsidwa pa lizi ya zaka zowerengeka. Zaka zikachepa mabanki amazengereza kubwereketsa, ndipo kuwonjezera zakazo kumafuna ndalama zankhaninkhani.

Ogula ochepa, mtengo wongoyerekeza

Nyumba wamba imagulitsika chifukwa mumzinda muli anthu masauzande amene angaigule, ndipo mtengo wake umadziwika poona zinzake zofanana nayo zimene zagulidwa posachedwa. Pamwamba pa msika si choncho. Mwa anthu ochepa otha kutulutsa ndalama zotere, chotsanipo amene akufuna nyumba ya nsanjika imodzi, chotsanipo amene safuna fumbi la amisiri, chotsanipo amene akufuna dera lina la mzindawo. Otsala mukhoza kuwawerenga pa zala, ndipo palibe mwa iwo amene akusowa pogona usiku uno.

Kagulu kochepa kameneka kamaphwasuka ndi zochitika za kutali. Dziko la Russia litalowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, zilango za zachuma zimene mayiko anaikira Russia zinachotsa pamsika wa London gulu lonse la ogula a ku Russia amene anali odalirika kwa zaka makumi awiri. Chaka chomwecho Britain inakhazikitsa kaundula wokakamiza makampani akunja amene ali ndi nyumba m'dzikomo kuulula eni ake enieni, ndipo okonda kugula mobisa anabwerera m'mbuyo. Mu Epulo 2025 boma linathetsa dongosolo lakale limene linkalola alendo olemera kukhala ku Britain osalipira msonkho pa chuma chawo chakunja. Ena mwa iwo, amene dzulo anali ogula, lero ndi ogulitsa.

Nanga mtengo umachokera kuti? Mumsewu umene nyumba yomaliza inagulidwa zaka zinayi zapitazo, ndipo inali yotambalala kuposa iyi, yokonzedwa kale, ya bwalo loyang'ana kodzera dzuwa, palibe choyerekezera chenicheni. Mtengo umangokhala maganizo a munthu. Mwininyumba amaitana maejenti atatu, ndipo mtima wa munthu umakokera kwa amene watchula ndalama zambiri. Maejenti amadziwa zimenezi, choncho ena amatchula mtengo wokopa mwininyumba kuti apeze ntchitoyo, n'cholinga chodzamunyengerera kutsitsa pakapita miyezi. Apa ndi pamene nyumba zambiri zimayambira kulakwika, chifukwa masabata oyambirira ndi amene ogula onse enieni amabwera kudzaona. Akaona mtengo wosamveka sanenerera n'komwe, amangopita.

Wogulitsa amene sakufuna kumva

Akatswiri awiri azachuma, David Genesove ndi Christopher Mayer, anafufuza malonda a nyumba mumzinda wa Boston m'zaka za m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Anapeza kuti eninyumba amene mtengo wa pamsika unali utatsika kuposa umene anagulira ankatchula mitengo yokwera kuposa anzawo a nyumba zofanana, ndipo nyumba zawo zinkatenga nthawi yaitali kuti zigulidwe. Munthu amamva kupweteka kwa kutaya kuposa kukoma kwa kupindula. Amene anagula pa mapaundi 15 miliyoni mu 2014 ndi kuthirapo ena atatu pokonza, akamva kuti msika ukunena 13, samva ngati nkhani ya msika, amamva ngati chipongwe. Amaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo: mtengo wolembedwa pa chikwangwani si ndalama mpaka wina atasaina.

Kwa munthu wamba kukakamira kotere kumatha msanga chifukwa ngongole ikumuthamangitsa kapena ntchito yamusamutsa. Mwini wa nyumba ya mamiliyoni kawirikawiri alibe chomuthamangitsa. Ali ndi kwina kokhala, ndiye amati adikira. Ikakhala ya chuma cha masiye, nkhani imakula: ana anayi olowa m'malo, wina akufuna ndalama lero, wina akukumbukira mtengo umene bambo awo ankatchula, wina sakufuna n'komwe kuti igulitsidwe, ndipo onse ayenera kugwirizana.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake umene wogulitsa sauona msanga. Masamba a pa intaneti monga Rightmove, Zoopla, StreetEasy ndi Zillow amasonyeza nthawi imene nyumba yakhala pamsika kapena mmene mtengo wake watsikira. Wogula akaona kuti papita masiku 500, amaganiza kuti anzake onse anaonapo chinthu chimene iye sanachione. Mtengo ukatsitsidwa pang'ono, kenako pang'ono, ogula amaphunzira kuti kudikira kukuwapindulira. N'chifukwa chake eninyumba ena amayamba ndi kugulitsa mwakachetechete, ejenti akungoimbira anthu amene akuwadziwa, kuti nyumba isadziwike kuti yakanidwa. Ena amaichotsa pamsika miyezi ingapo n'kuibweretsanso ndi zithunzi zatsopano, koma m'kagulu kochepa chonchi aliyense amaizindikira.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nyumba yeniyeniyo. Nyumba yakale imakhala bwino mukakhala anthu otsegula mawindo, otenthetsa zipinda, omva dontho loyamba likagwa kusiling'i. Ikatsekedwa nyengo yozizira iwiri, chinyezi chimakwera, ngalande ya padenga ija imatsekeka popanda woiona, ndipo bowa wowoletsa matabwa amayamba kuyanga kuseri kwa makoma. Makampani a inshuwalansi amachepetsa chitetezo chawo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira mwezi umodzi kapena iwiri. Makhonsolo a ku England ali ndi mphamvu yowirikiza kawiri msonkho wa nyumba imene yakhala yopanda munthu chaka chathunthu, ndi kuukweza koposa zaka zikamachuluka. Choncho pamene wogulitsa akudikira kuti msika ukwere ufike pa mtengo wake, ndalama zokonzera nyumbayo zikukwera, ndipo wogula wotsatira adzachotsa zambiri kuposa woyamba uja.

Kudikira kumeneku kumatha pakabwera chokakamiza: imfa ndi msonkho wake, kutha kwa banja, kapena banki yofuna ngongole yake. Ku Britain msonkho wa chuma cha masiye ndi 40 peresenti pa chuma chopitirira malire oikika, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi mwini wake atamwalira. Pamenepo olowa m'malo amasiya kukumbukira mitengo yakale. Nyumba ya pa 9 East 71st Street ku New York, imodzi mwa zikuluzikulu ku Manhattan, inali ndi chilichonse chothawitsa ogula, kuphatikizapo mbiri yonyansa ya mwini wake, Jeffrey Epstein. Oyendetsa chuma chake anaiika pamsika mu Julaye 2020 pa madola 88 miliyoni. Iwo analibe mpata wodikira, chifukwa ndalama zinkafunika zolipira chipukutamisozi kwa amayi amene iye anawachitira nkhanza. Anatsitsa mtengo kufika pa 65 miliyoni, ndipo mu Malichi 2021, pasanathe chaka, anavomera madola pafupifupi 51 miliyoni.